Gulugufe wa m'mutu mwanga

Ndinagwa Lamulungu m'kapela yathu, pa nyimbo ya zopereka. Ndinali mu kwaya, mzere wachiwiri, mwana wanga wamkazi ali kumsana, asanayambe n'komwe kukhala yekha. Chimene ndimakumbukira n'chakuti dzanja langa lamanja linayamba kunjenjemera lokha, chala chachikulu chikukhudzakhudza zinzake ngati chikuwerenga kolona. Nditatsitsimuka ndinapezeka ndagona chammbali pa simenti, kapulana, chitenje changa, itanyowa mkodzo, lilime likuwawa, anthu a mudzi wonse ataima patali mondizungulira. Palibe amene anandikhudza. Mwana yekha ndiye anammasula msanga, ndipo anammasula ndi apongozi anga, mayi ake a mwamuna wanga.

Ku Mongue, kutsidya kwa malire m'dera la Milange, kumene ndinatengwa, khunyu si matenda oti munthu n'kuwayandikira. Amati ali m'malovu, ali m'thovu la kukamwa, ali ngakhale mu mpweya umene wogwayo angaphwise. Nanenso ndinakula ndikumva zomwezo, ndipo akanagwa wina ndikanaima nawo patali. Pofika madzulo a tsikulo ndinali ndi mbale yangayanga ndi kapu yangayanga, imene apongozi anaimanga ulusi wofiira pa chogwirira kuti wina asaisokoneze. Zimenezo ndikanapirira. Chimene sindikanapirira ndi mawu amene ananena ataima pakhomo panga, mwana ali m'manja mwawo.

"Amake mwana, mkaka wanuwo ndiye njira ya matendawa. Mwanayu azigona kwa ine, ndizimpatsa phala."

"Amayi, mwanayu sanafike pa phala."

"Afika lero."

Apongozi anga sanali munthu wankhanza, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandivuta kufotokoza. Chibwerere changa pamudzipo ankandisamala ngati mwana wobereka okha. Ndili ndi pakati, zakudya zonse zikundinyansa, ankandiphikira chinangwa n'kumachinyemanyema ndi zala zawo, kundiikira m'manja chidutswa ndi chidutswa mpaka nditamaliza. Ankaweta nkhumba zongoyendayenda pabwalo, ndipo pa Khirisimasi anthu ankabwera kuchokera kutali kudzagula nyama kwa iwo. Chimbudzi chathu chinali chitagwa ndi mvula kalekale, mwamuna wanga akungoti akumba china mawa, ndiye tonse tinkapita m'nthochi kuseri kwa nyumba, nkhumba zikutitsatira pambuyo. Makomo ambiri anali chomwecho, ndipo palibe ankaonapo chachilendo.

Ankandikhulupirira mpaka kundiuza za m'kati mwa kapulana yawo. Tsiku lina tikupalira nyemba, ine ndisanatenge n'komwe pakati, anaika khasu pansi n'kundiyankhula mu Chilomwe, chinenero chimene ankasungira nkhani zamanyazi. Anati akapita m'nthochi amaona tinthu toyera, tophwatalala ngati nthanga za dzungu. Popeza ine ndinkapita ku Muloza kukagulitsa nyemba, anati ndikawagulire mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo anandilumbiritsa kuti mwana wawo asamve. Ndinagula zimene wa m'golosale anandipatsa, iwo anamwa, patapita nthawi anati palibe chasintha. Nkhani inathera pomwepo, nanenso ndinaiwala.

Mwamuna wanga amanyamula chimanga pa njinga kuwoloka nacho malire. Matumba amene wina angafunire ngolo, iye amangomanga pa kaliyala n'kukankha chitunda chonse osapuma. Koma mawu amodzi otsutsa mayi ake, ameneyo ndiye katundu amene sanamunyamulepo chibadwire. Ndikamuuza kuti mwana akulira njala kunyumba kwa amayi, ankangofinya tayala la njinga ndi chala n'kunena kuti tiyeni tione kaye. Ine ndinkamumva mwanayo kudutsa bwalo lonse, ndipo akangolira mabere ankadzaza mpaka kuwawa. Ndinkapita kuseri kukafinyira mkaka pansi kuti usaume, nkhumba zikubwera kudzanunkhiza. Ndinkadziwa kuti ukangouma basi, ngakhale atandibwezera mwanayo mawa lake, palibe chimene ndikanampatsa. Iye anali atayamba kale kutsegula m'mimba ndi phala lija, timikono tikuonda.

Nditagwanso, ulendo uno pafupi ndi moto, mwamuna wanga anandikweza pa njinga kupita ku chipatala cha ku Milange. Anandipatsa mapilisi oletsa kugwa. Adotolo atamva kuti zimayambira m'dzanja limodzi, komanso kuti kwathu kulibe amene anadwalapo chonchi, anati m'pofunika kujambula m'mutu, koma makina ake kumeneko kunalibe. Ku Quelimane n'kutali ndipo kulibe wathu, pamene ku Limbe kuli mlongo wake wa mwamuna wanga. Tinawoloka pa Muloza n'kukwera minibasi. Tisanafike n'komwe ku Mulanje, khanda la mayi amene anakhala pafupi nane linayamba kulira, ndipo bulauzi yanga inanyowa mbali zonse ziwiri, amuna okhala moyang'anizana nane akuona. Mayiyo anandifunsa mokoma mtima kuti mwana ndamusiya kuti. Ndinatembenukira pawindo n'kumayang'ana minda ya tiyi ngati sindinamve.

Ku chipatala chachikulu cha ku Blantyre anayamba ndi makina amene amawatcha CT. Amenewo analibe nkhani. Umagona pa kabedi, mutu n'kulowa m'chinthu chonga tayala lalikulu, kanthawi pang'ono akuti dzukani. Koma ataona zithunzi anati pali timadontho tofunika kutiona bwino, ndiye ndidikire makina ena, a MRI. Tinadikira kwa mlamu wanga ku Limbe. Iye sanandipatse kapu yangayanga, koma ndinkaona kuti ndikamwa madzi ankaitsuka nthawi yaitali kuposa zinazo.

Makina achiwiriwo ali ndi maginito amphamvu, moti chitsulo chilichonse sichilowa m'chipinda chake. Bambo wina wa imvi, wogwira ntchito pamenepo, anandiuza kuti ndichotse ndolo, kolona ndi mapini a m'tsitsi. Ndinachotsa. Anandifunsa ngati chatsala china, ine ndinati ayi. Anayendetsa kachipangizo kena mondizungulira osandikhudza, katafika m'chiuno kanalira.

"Mayi, m'chiunomo muli chiyani?"

"Mikanda basi, bambo."

"Mikanda yokha siliritsa kameneka."

Pa mikandayo mayi anga ondibereka anali atamangirira chithumwa chimene anakatenga kwa sing'anga nditagwa koyamba, mkati mwake muli kasingano kothyoka. Ine wa kwaya, wolandira Ukaristiya Lamulungu lililonse, ndinatembenukira kukhoma n'kumasula mikanda imene pa amuna onse mwamuna wanga yekha ndiye anali ataionapo, n'kuiika m'kabeseni kamodzi ndi kolona. Bamboyo sanaseke, anangoyang'ana kumbali. Akanandinyoza bwenzi nditapeza pomuyankhira, koma ulemu wakewo unanditentha nkhope. Kenako anandilowetsa m'makinamo, mutu utatsekeredwa m'kachikhola, n'kundiuza kuti ndisagwedezeke ngakhale pang'ono. Phokoso lake linali ngati ndagona m'kati mwa chigayo. Ndili chigonere choncho mkaka unayambanso kutuluka, ukuyenderera m'khwapa kunyowetsa chovala cha chipatala, ine manja ali m'mbali osaloledwa kudziphimba.

Adotolo amene anatifotokozera anali mayi wamfupi, woyankhula mofulumira. Anatembenuza kompyuta kuti ine ndi mwamuna wanga tione. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera, mwina nkhope yanga. M'malo mwake ndinaona timabwalo tambirimbiri. Anati makinawo amaonetsa mutu monga momwe timaduladulira chinangwa chokazinga, gawo ndi gawo, kuyambira kukhosi kukafika paliwombo, kungoti saudula.

Pa chithunzi cha CT chibade changa chinali mkombero woyera mbee, ubongo uli wotuwa mkati mwake. Pa magawo a m'munsi ndinaona maso anga, timipira tiwiri tosuzumira kutsogolo, mphako za mphuno zili pakati. Chakunkhongo kunali kaubongo kena kakang'ono ka mizeremizere, ndipo anati kameneko ndi kamene kamandithandiza kusenza ndowa osapepesuka. Akamakwera m'mwamba ubongo unkagawika pawiri, mzere wowongoka uli pakati, m'mphepete monse muli makwinya. Makwinyawo ndinawazindikira, chifukwa ubongo wa nkhumba ndinali nditautsuka kambirimbiri. Mwamuna wanga anasendeza mpando kuti aone bwino, kukamwa kuli yasa, ndipo ndinafuna kumuuza kuti atuluke. Ndinachita manyazi ngati andivula chovala china chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho.

Pakatikati pa ubongowo panali chinthu chakuda, cha mapiko awiri otambasuka. Ndinachiloza ndi chala.

"Adotolo, ndi chimenecho?"

Anaseka pang'ono. "Aliyense amayamba waloza chimenecho. Ameneyo ndi gulugufe wa tonse, mayi. Ndi timaenje ta madzi amene amasunga ubongo. Ali mwa ine, ali mwa bambowa, ali mwa mwana wanu."

Anationetsa kuti pa zithunzi zina za MRI madzi omwewo amaoneka oyera, pa zina akuda, malinga ndi mmene makina atcheredwa. Kenako analoza ndi cholembera zinthu zimene ine ndikanaziphonya. Pa CT panali timadontho toyera tomwazikana ngati mchenga, ndipo anati timeneto tinafa kale n'kuuma. Pa MRI, chakumtunda, panali kathumba ka madzi kochepa ngati nyemba, mkati mwake muli kadontho kamodzi, mozungulira mutatupa. Kanali mbali ya kumanzere kwa ubongo, ndipo anati mbali imeneyo ndi imene imayendetsa dzanja lamanja. Ndinayang'ana chala changa chachikulu chija, chili phee pa bondo.

Anati timeneto ndi ana a njoka ya m'mimba imene imayenda pakati pa anthu ndi nkhumba. Atalemba mankhwala anatuma mwamuna wanga kukaima pa mzere wolandirira, n'kudikira kuti chitseko chitsekeke.

"Mvetsetsani bwino apa, mayi. Wodya nyama ya nkhumba ya timadontho tonga mpunga, yosapsa bwino, amatenga njoka yaikulu m'matumbo. Koma kuti zifike m'mutu, munthu amakhala atameza mazira ake, ndipo mazirawo amatuluka ndi chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo. Amayenda pa manja osasamba, pa chakudya, m'madzi. Akhoza kukhala inu nomwe, akhoza kukhala wina pakhomo panu. Alipo amene amaona tinthu toyera tophwatalala akapita kuchimbudzi?"

Ndinaona zala zija zikunyema chinangwa, zikundiikira m'manja. Ndinayankha kuti sindikudziwa. Anandiyeza ineyo, sanapeze njokayo m'mimba mwanga, ngakhale anati kuyezako nthawi zina kumaphonya. Ndisanatuluke ndinafunsa funso limene ndinabwerera ulendo wonsewo.

"Yamwitsani," anatero. "Sizili mu mkaka, sizili m'malovu. Muziyamwitsa mutakhala pansi pa mkeka, pafupi pakhale munthu, ndipo musamubereke kumsana mpaka mankhwala atagwira."

Tinabwerera ku Mongue ndi zithunzizo, zitasindikizidwa pa mapepala akuda a pulasitiki amene amaoneka pokhapokha ukawaloza kowala. Mawu a adotolo paokha sakanatulutsa mwana m'nyumba ya apongozi. Nkhani yofika pamenepa kwathu imafuna ankhoswe, ndiye anaitanidwa. Kuchikazi kunabwera malume anga, munthu wokonda milandu ndi Chipwitikizi. Kuchimuna kunabwera mlongo wawo wa apongozi. Anakhala pa mipando pansi pa mtengo wa mango m'mawa dzuwa litakwera, mwamuna wanga pa chitsa, apongozi pa mkeka mwana ali kumsana. Ine ndinakhala pansi chapatali, chammbali, monga amakhalira mtengwa, amene pa bwalo lotere sayankhula asanafunsidwe. Kuseri kwa mpanda wa bango amayi oyandikana nafe anakumbukira onse tsiku lomwelo kuti ali ndi makaka a chinangwa oti ayanike.

Malume anasolola pepala limodzi, analizondotsa osadziwa, n'kuliloza kudzuwa. Sanachedwe.

"Ndi ichi, pakati penipeni. Chili ndi mapiko. Ichi ndi bishu, achimwene, chilombo."

Ankhoswe a kuchimuna anatenga pepala lina, la MRI, n'kutsinzina diso limodzi. "Kuno chayera. Uko chinali chakuda." Anaika mapepala awiriwo pamodzi, kuwasinthanitsa, kuwayang'ananso. "Chikusintha khungu ngati nanzikambe. Puronto, basi, chamoyo chimenechi."

Anagwirizana pa chilombocho msanga kuposa mmene anagwirizanirapo pa china chilichonse chiyambire ukwati wathu. Anasiyana pa funso loti chinalowa bwanji. Malume anati mwana wa mlongo wawo anachoka kwawo ali bwinobwino, ndiye pamudzi pano pali amene akudziwa. Enawo anati zoterezi zimayenda m'magazi a mtundu, ndipo ku mtundu wawo kulibe anagwapo m'kapela. Mwamuna wanga anauza maondo ake kuti adotolo anati gulugufeyo ali mwa aliyense.

"Mwa ine mulibe zimenezo, mphwanga," anatero malume ake. "Ine mutu wanga ndimaudziwa."

Mwamuna wanga anabwerera ku maondo ake. Ndinamuyang'ana, ndikanakhala ndi chikuni pafupi sindikudziwa.

Apongozi anapempha kuti nawonso aone. Anatenga pepala la CT, analikweza, analiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Maso awo anali akuthwa kuposa a amuna aja, chifukwa anaona timadontho toyera tija. "Mwalidetsa ndi manja anuwa," anatero, n'kunyowetsa nsonga ya kapulana ndi malovu, kuyamba kupukuta. Anapukuta kutsogolo, anatembenuza, anapukuta kumbuyo, anakanda ndi chikhadabo. Timadonthoto sitinachoke. Kumsana kwawo mwana anatulutsa mkono m'mbereko, ndipo ndinaona kuti kachibangili ka mikanda kamene kankamuthina kale kakutsetsereka mpaka pa chigongono.

"Amayi, limenelo si fumbi. Matenda ndi amenewo."

Onse anatembenuka. Ndinali ndisanafunsidwe. Ndinayenda chogwada mpaka pa mkeka, n'kuyamba kunena zonse monga ndinazimvera. Ndinaloza chibade, ndinaloza maso, ndinaloza kaubongo ka kunkhongo. Ndinati gulugufeyo ndi madzi, ndipo kuyera ndi kuda kwake ndi nkhani ya makina. Ndinawaonetsa kathumba konga nyemba, n'kukweza dzanja langa lamanja. Ndinati ndi ana a njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba, ndipo adotolo anenetsa kuti sizili mu mkaka. Ndinali nditakonza kuti ndilekezere pa nkhumba pomwepo.

"Nkhumba za mlongo wangayu tadya tonse," anatero ankhoswe a kuchimuna. "Ine ndimadya mpaka makutu. Bwanji sindikugwa?"

Panalibe pothawira. Pamaso pa amuna atatu, mpanda uli ndi makutu, ndinatchula mawu amene mtengwa satchula pamaso pa akuchimuna. Ndinati mazira ake amatuluka ndi chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo m'mimba, n'kukafika kukamwa kwa wina kudzera pa manja ndi pa chakudya. Ndinati munthu wotere amaona tinthu toyera, tophwatalala ngati nthanga za dzungu. Nditanena za nthangazo, dzanja la apongozi, limene linali likupukutabe pepala lija, linaima.

Malume anga anawongoka pa mpando, nkhope itawala. Anali atanunkhiza mlandu. "Ehe, tsopano tafika. Ndiye chimbudzi cha ndani pakhomo pano chimene mwadyetsa mwana wa mlongo wanga?"

Ndisaname, ndinafuna kunena. Mawu anali atafika kale pa lilime, ndipo anali okoma. Mayi amene anandimangira ulusi pa kapu, amene anandilanda mwana ponena kuti ndine wodetsedwa, anali atakhala pomwepo, mutu uli pansi. Koma ndinkawadziwa malume, ndipo ndinkaudziwa mudziwo. Ndikanangotchula, apongozi akanakana, chifukwa palibe mayi wamkulu angavomere zoterozo pamaso pa mlongo wake ndi mwana wake. Malume akananditenga tsiku lomwelo, mlandu ukanapita kwa amfumu, ukanakokedwa mpaka mvula, mwana ali pamsana womwewo akudya phala. Mkaka wanga unali utayamba kale kuchepa. M'mawa wa tsikulo ndinali nditafinya nthawi yaitali kuti patuluke madontho ochepa chabe.

"Changa, malume. Njokayo ili mwa ine. Ndine amene sindinkasamba m'manja."

Kuseri kwa mpanda wina anatsamwa ndi phwete, wina n'kumukhalitsa chete. Malume anandiyang'ana ngati sanandionepo.

"Ndiye ndapalasa njinga ulendo wonsewu kudzamva kuti unadya chimbudzi chako chomwe?"

"Inde, malume."

Anaika pepala lija pansi n'kupukuta zala pa buluku. Mwamuna wanga sanadzutse mutu. Amuna awiriwo anakambirana pang'ono motsitsa mawu, mkangano utatha mphamvu, n'kugamula kuti za chilombo cha mapiko sizinamveke bwino, ndiye mwana akhalebe kwa agogo ake mpaka nditamaliza mankhwala. Malume anakana chakudya n'kukwera njinga osanditsanzika. Ndinatolera mapepala anga m'fumbi n'kupita kukakhala pakhonde, ndikudziwa kuti ndadzivula pagulu popanda chimene ndapeza.

Nkhaniyo inafika ku mjigo dzuwa lisanapendeke, ndipo siinachokeko mpaka lero. Mankhwala anagwira, kugwa ndinasiya, mwana uja tsopano ali pa sukulu, chimbudzi chinakumbidwa, nkhumba zili m'khola. Koma pa maliro ndikafuna kuthandiza kugawa chakudya, pamapezeka wina wondiuza mwaulemu kuti ndikathandize kutunga madzi. Ndikadutsa pa msika pali mayi wina amene amandifunsa ngati sopo sanandithere, anzake n'kumaseka m'makapulana. Ku kwaya sindinabwerere. Ndimayankha ndithu, pakamwa panga sipofooka, koma ndikafika kunyumba manyazi amakhala atandigwira ngati tsiku loyamba. Apongozi amazimva zonsezi, ndipo sanatsegulepo pakamwa pagulu kuti akonze. Masiku ena ndimawakwiyira mpaka kulephera kuwapatsa moni.

Koma masana a tsiku la ankhoswe lija, anthu atabalalika, mwamuna wanga atathawira ku njinga yake, ndinaona apongozi akudutsa bwalo, mkeka uli m'khwapa. Anauyala pakhonde panga osandiyang'ana.

"Khalani apa. Adotolo anati pansi, si choncho?"

Ndinakhala. Anamasula mbereko n'kundiikira mwana pamiyendo. Anali wopepuka moti ndinachita mantha. Nditamuika kubere anatembenuza nkhope n'kuyamba kulira, akufunafuna agogo ake, ndipo ndinaganiza kuti ndachedwa. Ndinafinya kadontho kamodzi n'kumupaka pa milomo. Anakanyambita, anakhala chete, kenako anagwira mwamphamvu moti ululu wake unafika kumsana. Apongozi anasendera mpaka maondo athu kugundana, manja awo atatambasula pansi pa mwanayo kuti ngati dzanja langa liyambanso, agwere mwa iwo.

Kenako anayankhula mu Chilomwe, motsitsa kwambiri, maso ali pa mwana. Anati mawa ndiwaperekeze ku chipatala ku Milange, ndipo ndikanene ndine kwa anamwino, chifukwa iwo pakamwa sipakatseguka. Ndinawasiya adikire, ndipo ndinamva kukoma kuwadikiritsa. Pamapeto pake ndinagwedeza mutu.

Anatambasula dzanja n'kutenga kapu yanga ija, munali madzi amene ndinasiya, n'kumwa onse. Kenako anadula ulusi wofiirawo ndi mano. Panalibe wina aliyense woona, kupatula ine ndi mwana, ndipo mwanayo anali atatseka maso, akuyamwa.